Nthenda Zitatu Zodza Mwakachetechete kwa Kanyenda

Dziko la Mfumu Kanyenda, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, ndi dziko la nzimbe, mpunga, chinangwa ndi nsomba. Kum'mawa kwake kuli nyanja, kumadzulo kuli mapiri, ndipo pakati padutsa mseu wa M5 umene uchokera ku Salima kunka ku Nkhata Bay. Chiyambire chaka cha 1979, pamene fakitale ya shuga ya ku Dwangwa inayamba kugaya nzimbe, anthu akhala akusamukira kumeneko kuchokera m'maboma ambiri, kotero kuti malo amene kale anali midzi ya asodzi ndi alimi lero ali ndi masitolo, masukulu ndi nyumba zogundana. Munthu akafunsa za nthenda zimene zisautsa anthu a kumeneko, yankho lidza msanga: malungo, likodzo, ndi kutsekula m'mimba m'nyengo ya dzinja. Yankholo nloona ndithu. Koma zilipo nthenda zina zimene sizitchulidwa kawirikawiri pa bwalo la mfumu, pakuti sizigwetsa mudzi wonse pa sabata imodzi. Zitenga mmodzi kuno, wina uko, ndipo pofika poti achibale azindikire, zakhala kale m'thupi zaka kapena miyezi. Zitatu mwa izo ndizo kuonongeka kwa zitseko za mtima, khansa ya m'mawere, ndi nthenda za mitsempha ya m'miyendo.

Chimene chigwirizanitsa nthenda zitatuzi kwa munthu wa kwa Kanyenda ndi mtunda. Kuchokera ku Dwangwa kukafika ku chipatala cha Boma ku Nkhotakota ndi makilomita oposa 50. Kuchokera pamenepo kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, podzera ku Salima, ndi makilomita enanso pafupifupi 200. Ndipo kwa odwala ena ulendo suthera ku Lilongwe, umapitirira mpaka ku India. Nthendazi zikakula, chithandizo chake chili kutali ndipo nchodula zedi. Zikadali zazing'ono, chithandizo chake chiyambira pa chipatala chaching'ono monga cha Nkhunga. Tsono amene aona zizindikiro zoyamba kawirikawiri si dokotala ayi, koma mphunzitsi m'kalasi, mlangizi wa zaumoyo m'mudzi, ndi mkulu wa pa ofesi amene apatsa antchito ake tchuthi.

MTIMA NDI MJIGO

Aliyense amene anapopapo madzi pa mjigo adziwa kale m'mene mtima ugwirira ntchito, ngakhale sanatsegulepo buku la sayansi. Pansi pa mpope pali kachitseko kamene katseguka madzi akamakwera, nikatseka kuti asabwerere pansi. Kachitsekoko kakatha, mayi apopa mpaka thukuta kamukamu, koma ndowa sidzaza. Mtima uli ndi zitseko zotere zinayi, zimene madokotala azitcha mavalavu, ndipo zitseguka ndi kutseka pafupifupi ka 100,000 tsiku lililonse. Chimene chionongeka kawirikawiri ndi cha kumanzere, chotchedwa mitral, chimene chili pakati pa chipinda cholandira magazi ochokera m'mapapo ndi chipinda chowatumiza m'thupi lonse. Chotsatira ndi cha aortic, chimene chili pakhomo pa mtsempha waukulu wotuluka mu mtima. Chitseko chingaume ndi kuchepetsa khomo, magazi namadutsa mopanikizana. Kapena chingaleke kutseka bwino, magazi namabwerera kumene achokera. Njira zonse ziwiri zithera pamodzi: magazi aunjikana m'mapapo, munthu apuma mwabefu pokwera katunda kakang'ono, usiku alephera kugona chagada, ndipo pambuyo pake mapazi ndi mimba zitupa.

Ku Ulaya ndi ku America zitseko za mtima zionongeka makamaka ndi ukalamba. Muno m'Malawi zionongeka makamaka paubwana, ndipo chiyambi chake nchinthu chimene makolo ambiri sachiwerengera konse: zilonda zapakhosi.

Kachilombo kotchedwa Streptococcus ka gulu A kafala ndi malovu ndi kutsokomola, makamaka pakati pa ana a zaka 5 mpaka 15. Mwana atentha thupi mwadzidzidzi, amva kuwawa pomeza, pakhosi pafiira kapena paoneka mafinya oyera, ndipo m'khosi mutuluka mwanabere. Kawirikawiri chimfine ndi chifuwa palibe. Pakapita masiku ochepa zilondazo zipola zokha, ndipo onse aiwala. Kwa ana ambiri nkhani ithera pomwepo. Koma mwa ana ena asilikali a m'thupi, amene anadzuka kudzamenyana ndi kachilomboko, asokonezeka, pakuti khungu la kachilomboko lifanana ndi minofu ina ya mwanayo. Ndiye patapita sabata ziwiri kapena zitatu atembenukira mfundo za mafupa, zitseko za mtima, ndipo nthawi zina ubongo. Nthenda imeneyi ndi mtundu wa nyamakazi, ndipo madokotala aitcha rheumatic fever.

Pamenepa mpamene pali msampha kwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Mwana wotentha thupi ndi wophwanya m'mfundo, m'dziko la udzudzu monga Nkhotakota, aliyense amuyesa wa malungo. Kusiyana kwake nkwakuti kuwawa kwa nyamakaziyi kuyendayenda: lero bondo latupa ndi kutentha, mkuja bondo lachira koma kakolo kapena chigongono chagwidwa. Magazi akapimidwa malungo osapezeka, koma mwana akukanika kuponda pansi, kholo liyenera kuuza namwino ngati panali zilonda zapakhosi masabata apitawo. Mawu ochepa amenewo angasinthe chithandizo chonse.

Chilipo chizindikiro china chimene mphunzitsi achiona asanachione wina aliyense. Nthendayi ikafika ku ubongo, nthawi zina patapita miyezi, mwana ayamba kugwedezeka manja ndi nkhope mosafuna. Zolemba zake zimene zinali zooneka bwino zisanduka zokhotakhota, pensulo igwa m'manja, sakhazikika pa benchi, alira popanda chifukwa. Izi zigwera atsikana koposa anyamata. Nzachisoni kuti mwana wotere kawirikawiri alandira chilango cha mwana wopulupudza, kapena kunyumba ayamba kunong'onezana za ufiti, pamene chofunika ndi kalata yopita naye ku chipatala.

Nthendayi ikonda pamene anthu athithikana. Kalasi ya ana ochuluka pa chipinda chimodzi, nyumba imene ana asanu agona mphasa imodzi, ndiponso misasa ya anthu othawa madzi monga ija inamangidwa pamene madzi osefukira anagwetsa nyumba m'dera la Dwangwa m'chaka cha 2024, onsewa ndi malo amene kachilomboka kayenda mosavuta. Zilonda zapakhungu, makamaka zotsatira mphere, zisunga kachilombo komweko, ndipo madokotala ambiri tsopano akhulupirira kuti nazonso zili ndi mbali pa nthendayi. Nchifukwa chake m'maiko olemera nthendayi inayamba kuchepa penisilini asanabwere nkomwe, pamene anthu anayamba kukhala m'nyumba zotakasuka.

ZIMENE OPIMA APEZA

Nyamakaziyi ikagwira mwana kamodzi, ikonda kubweranso, ndipo ulendo uliwonse isiya zipsera pa zitseko za mtima. Zipserazo zikhala zaka zambiri osamveka. M'chaka cha 2007 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'masukulu a ku Maputo, m'dziko la Mozambique, m'mene anapima ana 2,170. Pomvetsera pachifuwa ndi chipangizo cha m'makutu chija, madokotala anapeza nthendayi mwa ana awiri okha pa 1,000 alionse. Koma pounika ana omwewo ndi makina oonetsa mtima pa galasi, onga aja aunikira amayi apakati, anapeza ana 30 pa 1,000. Muno m'Malawi, Dr. Amy Sanyahumbi ndi anzake anaunika ana 1,450 a zaka 5 mpaka 16 m'boma la Lilongwe, ndipo zotsatira zimene zinatuluka m'chaka cha 2016 zinaonetsa kuti ana 3.4 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za nthendayi, ambiri a iwo ikadali poyambirira. Chiwerengero chimenecho chikaikidwa pa sukulu ya ana 1,000, ndiye kuti ana 34, onse akusewera mpira ndi fulaye monga anzawo.

Za amene nthendayi yawakulira zinaoneka m'kafukufuku wotchedwa REMEDY, amene anatsogolera Professor Bongani Mayosi ndi Dr. Liesl Zühlke a ku Cape Town. Iwo anatsata odwala 3,343 m'maiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, pamodzi ndi India ndi Yemen. Theka la odwalawo linali la zaka zosapitirira 28, awiri mwa atatu alionse anali akazi, ndipo lipoti la m'chaka cha 2016 linaonetsa kuti pafupifupi 17 pa 100 alionse anamwalira zisanathe zaka ziwiri. Awatu ndi anthu a msinkhu wa aphunzitsi ongotuluka kumene ku koleji, ndi amayi a mwana woyamba. Pa dziko lonse lapansi odwala nthendayi aposa 40 miliyoni, ndipo oposa 300,000 amwalira nayo chaka ndi chaka. Nchifukwa chake msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2018 unagwirizana kuti maiko onse aiike pa mndandanda wa nthenda zoyenera kulimbana nazo.

Amayi apakati ayenera kutchulidwa mwapadera. Pa nthawi ya pakati magazi a mayi achuluka pafupifupi ndi theka, ndipo chitseko chochepa khomo chimene chinkapirira kale chilephera katundu watsopanoyo. Akazi ambiri azindikira kuti ali ndi nthendayi pa mimba yoyamba. Mayi wapakati amene akubanika pogona, kapena akutsokomola magazi, asauzidwe kuti ndi m'mene pathupi pakhalira. Azamba a ku sikelo ayenera kudziwa tsiku lomwelo.

JEKESENI WA PA MWEZI

Mmera mpoyamba. Zilonda zapakhosi za mtundu uja zichizika ndi jekeseni mmodzi wa penisilini wokhalitsa m'thupi, wotchedwa benzathine, kapena ndi mapiritsi a masiku 10 omwa onse osadukiza, ndipo zikachizidwa chotero nyamakazi kawirikawiri siidza. Kwa mwana amene wadwala kale nyamakaziyo, kapena amene zitseko zake zayamba kuonongeka, njira ndi jekeseni yemweyo sabata zitatu kapena zinayi zilizonse, kwa zaka 10 kapena kufikira atakula, ndipo kwa ena moyo wonse. Jekeseniyo sakonza chimene chaonongeka kale. Ntchito yake ndi kutsekera kachilombo kunja kuti zipsera zisaonjezeke. Amene mtima wawo wafooka kwambiri, dokotala angawasankhire mapiritsi m'malo mwa jekeseni.

Umboni wa mphamvu yake unachokera ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, kumene Dr. Andrea Beaton pamodzi ndi madokotala a Uganda Heart Institute anatsata ana amene makina anawapeza ndi nthendayi isanayambe kuwavuta. Zotsatira zinalengezedwa m'chaka cha 2021. Mwa ana 399 amene analandira jekeseni mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, atatu okha ndiwo nthenda inawakulira. Mwa ana 400 amene sanalandire, inakulira 33.

Mankhwalawo ngotsika mtengo, koma kunena zoona njirayi siyapafupi monga imvekera. Jekeseniyo ngwowawa, ndipo zaka 10 ndiye kuti majekeseni ngati 130. Mwana amene sakumva kupweteka paliponse saona chifukwa chobayitsira, kholo liona ndalama ya kabaza ndi tsiku lotayika kumunda kapena kunyanja, ndipo mwezi wa mayeso kapena wa madzi osefukira ukadumphidwa, wachiwiri udumphika mosavuta. Apa mpamene sukulu ingachite chimene chipatala sichingathe. Mphunzitsi wamkulu amene adziwa kuti m'sukulu mwake muli ana awiri a jekeseni, nalemba masiku awo pambali pa kaundula wa maina, nawalola kuchoka m'mawa wa tsikulo osawalemba kujomba, wagwira ntchito imene mtengo wake uposa wa makina ambiri a m'chipatala chachikulu.

Unduna wa Zaumoyo wayamba kubweretsa chithandizochi pafupi ndi anthu. M'chaka cha 2018, m'boma la Neno, Undunawu pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo unatsegula zipinda zapadera pa chipatala cha Neno ndi cha Lisungwi, m'mene anamwino ndi othandiza madokotala aphunzitsidwa kuunika mtima ndi makina ang'onoang'ono, kupereka jekeseni wa pa mwezi, ndi kusamala odwala nthenda zina zokhalitsa. Njirayi, yotchedwa PEN-Plus, pambuyo pake inafika ku Salima ndi ku Karonga, ndipo m'chaka cha 2022 nduna za zaumoyo za maiko a mu Africa zinaivomereza pa msonkhano wa ku Lomé, m'dziko la Togo, kuti ikhale njira ya maiko onse. Cholinga chake nchakuti mwana wa kumudzi aunikidwe pa chipatala cha boma lake, osayamba wafunafuna ndalama ya basi ya ku Lilongwe.

PAMENE MPENI UFUNIKA

Chitseko chikaonongeka kotheratu, mapiritsi ochotsa madzi m'thupi ndi okhazika mtima angopepuza wodwala. Chotsala ndi opaleshoni. Luso limeneli si lakale kwambiri. M'chaka cha 1925 Henry Souttar wa ku London analowetsa chala mu mtima wa mtsikana nakulitsa khomo la chitseko cha mitral, koma anzake sanamutumizirenso wodwala wina. M'chaka cha 1960 Albert Starr ndi Lowell Edwards a ku Portland, ku America, anaika chitseko chopanga m'malo mwa chachibadwa, wodwalayo nakhala ndi moyo zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1980 Kanji Inoue wa ku Japan anapeza njira yokulitsa khomo lochepa ndi kachibaluni kolowetsa kudzera mu mtsempha wa m'ntchafu, osang'amba chifuwa, ndipo njirayi ithandiza achinyamata ambiri a nthenda ya nyamakazi. M'chaka cha 2002 Alain Cribier wa ku Rouen, ku France, anaika chitseko chatsopano cha aortic kudzeranso mu mtsempha. Njira yomalizayi ndiyo itchuka m'nyuzipepala za kunja, koma owerenga adziwe kuti inakonzedwera makamaka nkhalamba zimene zitseko zawo zauma ndi zaka. Kwa mwana wa msodzi wa ku Ngala amene chitseko chake cha mitral chikudontha, yankho kawirikawiri likadali opaleshoni yotsegula chifuwa.

Opaleshoni yotero ifuna makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo pamene dokotala akusoka, magazi ambiri osungidwa, ndi chipinda cha odwala mwakayakaya. Kwa zaka zambiri Boma lakhala likutumiza odwala otere kunja, makamaka ku India, ndipo ofuna kupita achuluka kuposa amene ndalama zingawakwanire. Chipatala cha Salam ku Khartoum, chimene bungwe la Emergency la ku Italy linatsegula m'chaka cha 2007, chinachita maopaleshoni aulere kwa odwala a m'maiko ambiri a mu Africa, koma nkhondo imene inabuka ku Sudan m'chaka cha 2023 inavutitsa ulendo wa kumeneko.

Ndipo wobwerera ndi chitseko chatsopano sanamasuke kotheratu. Walira mvula walira matope. Chitseko chachitsulo chikhala moyo wonse, koma magazi akonda kuundana pa icho, chotero mwini wake amwa mankhwala otchedwa warfarin tsiku lililonse mpaka imfa, napimitsa magazi kawirikawiri. Mankhwalawo akachepa, chibulumwa cha magazi chingapite ku ubongo munthu nafa ziwalo. Akachuluka, bala laling'ono litaya magazi osaleka. Mphamvu yake isintha ngakhale ndi ndiwo. Masamba obiriwira monga chigwada, nkhwani, chisoso, bonongwe ndi mpiru ali ndi vitamini K amene achepetsa mphamvu ya warfarin. Sikuti wodwala aleke masamba ayi, pakuti kondowole wopanda chigwada angamusowetse mtendere. Chofunika nkudya muyeso wofanana sabata ndi sabata, osati mbale yodzaza m'dzinja ndi usipa wokhawokha m'chilimwe. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi zitsamba zina nazonso zisokoneza muyeso wake. Choposa zonse, warfarin angapweteke mwana wosabadwa. Nchifukwa chake kwa mtsikana amene afuna kudzabala, madokotala ayesa kukonza chitseko chake chomwecho, kapena aika chopangidwa ndi minofu ya nkhumba kapena ng'ombe, chimene sichifuna warfarin wa moyo wonse koma chitha patapita zaka 10 kapena 15, ndipo mwa achinyamata chitha msanga koposa.

CHOTUPA CHOSAWAWA

Khansa ya m'mawere ili ndi chiyambi china, koma khalidwe lake nlomwelo la kudza mosagogoda. Mwa akazi a m'Malawi ndiyo yachiwiri, yotsatira khansa ya khomo la chiberekero, ndipo monga mwa chiwerengero cha bungwe lofufuza za khansa la ku Lyon cha m'chaka cha 2020, odwala atsopano anali pafupifupi 1,500 pa chaka. Ambiri a amene afika ku Kamuzu Central Hospital afika nthenda itafalikira kale m'khwapa kapena kupitirira. Kusiyana kwa kufulumira ndi kuchedwa kuoneka m'ziwerengero za World Health Organization: m'maiko olemera akazi oposa 90 pa 100 alionse akhala ndi moyo zaka zisanu atapezeka ndi nthendayi, ku India 66, ku South Africa 40.

Chochedwetsa chachikulu nchakuti chotupacho poyamba sichiwawa, ndipo munthu wotanganidwa ndi munda, ana ndi msika sapita ku chipatala ndi chinthu chosawawa. Zizindikiro zina ndi nsonga ya bere yolowa m'kati pamene kale inali yotuluka, khungu lokhala ndi timaenje ngati khoko la lalanje, magazi otuluka kunsonga, ndi mwanabere wa m'khwapa wosatha. Zotupa zambiri, makamaka mwa atsikana, si khansa, ndipo chithupsa cha mayi woyamwitsa chichizika ndi mankhwala. Koma chimene sichikutha patapita sabata zingapo chifuna kupimidwa. Amuna nawonso angadwale, ngakhale ndi mmodzi yekha pa odwala 100. Nkhani yoti nthendayi idza chifukwa chosunga ndalama kapena foni m'kamisolo ilibe umboni. Chimene chidziwika nchakuti mowa ndi kunenepa zionjezera ngozi, pamene kuyamwitsa kuichepetsa.

Dzanja la namwino lingakayikire, koma chotsimikiza ndi kanyama kotengedwa pa chotupacho nikakapimidwa ndi makina okuza zinthu. Chipinda chopimira chotero chinatsegulidwa pa Kamuzu Central Hospital m'chaka cha 2011 mothandizana ndi University of North Carolina. Chithandizo chake ndi opaleshoni, mankhwala olowetsa m'mitsempha, mapiritsi monga tamoxifen omwa zaka zisanu kapena kuposerapo, ndi kuwotcha ndi cheza. Njira yomalizayi kwa zaka zambiri inali ya kunja kokha, ku Lusaka, ku Tanzania, ku Kenya kapena ku India, kufikira pamene chipatala cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kuipereka m'chaka cha 2024, ndipo chipatala cha Boma cha National Cancer Centre ku Lilongwe chinatsegulidwa mwamwambo m'chaka cha 2025. World Health Organization inaikira maiko miyeso itatu: kuti odwala 60 pa 100 azipezeka nthenda ikadali poyambirira, kuti kupima konse kuzitha m'masiku 60, ndi kuti 80 pa 100 azimaliza chithandizo.

Masiku 60 amenewo, kwa mayi wa kwa Kanyenda, ali ndi maulendo angapo m'kati mwake: ku Nkhunga, ku Nkhotakota, ku Lilongwe kukatengedwa kanyama, ndi ku Lilongwe kachiwiri kukamva zotsatira. Pa ulendo uliwonse pali pothawira. Wina aopa kuchotsedwa bere poganiza kuti banja litha. Wina apatukira kwa sing'anga kukatemedwa mphini, miyezi namapita. Mawu a mwamuna wake ndi a ankhoswe alemera kwambiri pa nthawi yotere, ndipo mkulu wa pa ntchito amene apereka tchuthi mosanyinyirika, osafunsa zimene sizimukhudza, afupikitsa masikuwo koposa m'mene iye mwini adziwira.

ZITSEKO ZA M'MIYENDO

Zitseko sizili mu mtima mokha. M'mitsempha yobweza magazi kuchokera kumapazi muli tizitseko tambiri totsekereza magazi kuti asatsikenso, ndipo ndi tizitseko tomweti timene William Harvey wa ku England anagwiritsa ntchito m'chaka cha 1628 posonyeza kuti magazi azungulira m'thupi. Chokankha magaziwo ndi katumba: munthu akamayenda, minofu ifinya mitsempha, magazi nakwera. Woima malo amodzi tsiku lonse alibe mpope umenewu. Chotero mphunzitsi wa pa bolodi, mayi wogulitsa nsomba pa msika wa Dwangwa, ndi mayi amene wabala kangapo, ndiwo akonda kuona mitsempha yotupa ndi yopindikapindika kuseri kwa mwendo. Poyamba mwendo ungolemera madzulo. Zaka zikapita khungu la pa kakolo lida ndi kuuma, ndipo kabala kakang'ono kasanduka chilonda chosapola. Chithandizo choyamba nchosafuna ndalama zambiri: kuyendayenda m'kalasi m'malo moima chilili, kunyamuka pa zala za kumapazi kangapo pa ola, kukweza miyendo pa mtsamiro popuma, ndi kuvala masokosi ofinya kapena bandeji monga namwino walangizira. Mtsempha wotere ukaphulika, munthu agone pansi, akweze mwendo, napsinje pabalapo ndi nsalu yoyera.

Yoopsa ndi nthenda ya mitsempha ya m'kati, imene siioneka ndi maso. Magazi aundana m'katumba kapena m'ntchafu, ndipo chibulumwacho chikathothoka chipita m'mapapo, kumene chingaphe munthu pa mphindi zochepa. Ikonda kugwira mayi amene wangobereka, wodwala amene wagona pa mphasa masiku ambiri, wochokera ku opaleshoni, ndi wokhala chopinda miyendo pa basi ya ku Johannesburg. Khansa, HIV ndi chifuwa chachikulu zionjezera ngoziyi, ndipo tamoxifen nayenso aionjezera pang'ono. Mankhwala ake ndi osungunula magazi, kuphatikizapo warfarin yemwe uja, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo.

Pakuti kutupa kuoneka pa nthenda zonse zitatu, nkoyenera kusiyanitsa. Mapazi onse awiri akatupa pang'onopang'ono pamodzi ndi befu, maganizo apite ku mtima kapena ku impso. Mkono ukatupa kumbali imene bere linachitidwa opaleshoni, ndi madzi a m'thupi amene asowa njira, ndipo mkonowo utetezedwe ku mabala. Kutupa kwa miyendo kodza ndi tinyongolotsi ta udzudzu, kumene achikulire akukumbukira, kwachepa kwambiri, pakuti m'chaka cha 2020 World Health Organization inavomereza kuti Malawi wagonjetsa nthendayo. Koma mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, nutentha ndi kuwawa m'katumba, umenewo ndi ulendo wa ku chipatala tsiku lomwelo. Mwendo wotero usasisitidwe, usathowedwe ndi madzi otentha, ndipo usatemedwe mphini. Wodwalayo anyamulidwe pamodzi ndi kabuku kake ka kuchipatala, ndipo akayamba kubanika kapena kumva chilaso panjira, woperekeza anene zimenezo pakhomo pomwe, asanakhale pa mzere.